Funsani Mmisiri: Mabiti a pulayala yopinda, tigule ati?

Makalata a mwezi uno pafupifupi onse akufunsa za chida chimodzi, pulayala yopinda ija yokhala ndi mpeni, tupa, sowo ndi sikuludalaiva m'zogwirira zake, komanso za mabiti ake, tinsonga ta sikuludalaiva tosinthasintha. Ndayamba ndi kalata ya ku Mchinji poti yankho lake likukhudzanso enawo.

FUNSO: Amisiri, ine ndimaika ma solar m'nyumba za anthu komanso ndimakonza masoketi ndi maswitchi. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira Leatherman Wave+. Ndimaikonda, koma kupatula kabiti kakang'ono ka magalasi, inabwera ndi biti imodzi yokha, mbali ina sitala mbali ina fulati, ndipo mabiti a dirilo yanga salowapo. Achimwenewo akubwera pa Khirisimasi ndipo akuti ndisankhe chinthu chimodzi choti andigulire: paketi ya mabiti a Leatherman, kachitsulo kotalikitsa, kapena racheti. Ndisankhe chiti? Woika ma solar, Mchinji.

YANKHO: Achimwene, auzeni akugulireni kachitsulo kotalikitsako. M'sitolo akakapeza katalembedwa kuti Bit Driver Extender. Ngati thumba lawo likulola, racheti nayo ndi yabwino. Paketi ya mabiti ibwere pomaliza, ndipo ngakhale itapanda kubwera simudzaisowa kwenikweni.

Mabiti a dirilo yanu ali ndi tsinde la mbali 6, lalikulu mamilimita 6.35, amene ndi kota ya inchi. Muyezo umenewu ndi umodzi paliponse. Kaya ndi a Bosch, a Makita, a Wera, kaya ndi aja opanda dzina a m'mahadiweya a mu Malangalanga ku Lilongwe, onse amalowa pa bowo limodzi. A Leatherman, kampani ya ku Portland m'chigawo cha Oregon ku America, anachita zawozawo. Pamene ankakonzanso Wave mu 2004 anaikamo polowetsa mabiti, koma kuti pakwane m'chogwirira limodzi ndi sizasi ndi chotsegulira zitini, anapanga mabiti ophwatalala. Mukaika biti yawo pambali pa ya dirilo muona kuti yawoyo ili ngati aisenga mbali ziwiri. Wave, Charge, Surge, Skeletool, Signal ndi ARC zonse zimalandira mabiti ophwatalalawa basi.

Tsopano tengani sitala imene inabwera ndi chidacho, muiyang'ane chakutsogolo. Sitala ya bwinobwino ili ndi mapiko anayi ofanana. Yanuyo mapiko awiri ndi athunthu, awiri enawo ndi aafupi. Pa sikuluwu yatsopano ya pa switchi simungaone kusiyana kwake. Koma mukakumana ndi ya pa hinji ya chitseko imene yakhala m'thabwa zaka zambiri, yadzimbiri, yopakidwanso penti, mphamvu yonse imagwera pa mapiko awiri aja, biti imatumphuka, mutu wa sikuluwu n'kuyamba kudyeka. Ma alenki aakulu a mamilimita 5 ndi 6 ali ndi vuto lomwelo, sadzaza bowo lonse. Ang'onoang'ono okha, monga Torx T6 ndi T8, za nyenyezi ya nsonga 6, kapena alenki ya mamilimita 2, ndi amene ali athunthu, chifukwa nsonga yake ndi yaing'ono kale kuposa kuphwatalalako.

Vuto lachiwiri ndi limene likukhudza ntchito yanu kwambiri. Mabitiwa ndi aafupi, ndipo kumbuyo kwake kuli chitsulo chotambalala chowagwira. Masikuluwu omangira mawaya pa charge controller, kabokosi kokhala pakati pa panel ndi batire, amakhala m'kati mwa timabowo ta pulasitiki. A pa ma breaker a mu DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, n'chimodzimodzi, a kumbuyo kwa inverter, kwa fani, kwa wailesi nawonso amabisala m'maenje. Biti yophwatalala imangolowa pang'ono n'kukakamira pakhomo pa bowo, sikuluwu ikuoneka koma osaikhudza. Kachitsulo kotalikitsa kaja n'kotalika pafupifupi masentimita 8. Kumbuyo kwake n'kophwatalala kuti kalowe mu Wave yanu, kutsogolo kuli bowo la mbali 6 lolandira mabiti wamba a mamilimita 6.35, komanso ophwatalala omwe. Mukaikapo biti yaitali ya mamilimita 50, ya khosi lowonda, mufika pa sikuluwu iliyonse ya pa controller.

Sindikunyoza paketi ya mabiti ayi. Ili ndi mabiti 21 a mitu iwiriiwiri, kutanthauza nsonga 42, zondandalikidwa pa timapulasitiki topyapyala tolowa m'chikwama cha pa lamba. Munthu wa mu ofesi amene amangofuna kumanga mpando wagwedera kapena kutsegula kompyuta mwa apo ndi apo, imamukwanira ndipo salemedwa nayo. Koma muwerenge zimene mudzagwiritse ntchito ku Mchinji. Ma alenki angapo m'menemo ndi a mainchi, pamene katundu amene timakumana naye kuno, wochokera ku China, ku India, ku Japan ndi ku South Africa, pafupifupi yense ndi wa mamilimita. Mulinso mabiti a mutu wa sikweya, a masikuluwu amene P. L. Robertson anayambitsa ku Canada cha m'ma 1908. Kumeneko ali pa khomo lililonse, kuno mumawaona mwa kamodzikamodzi. Ndiye nsonga 42 zija, zanu zenizeni mwina ndi khumi.

Kenako ganizirani tsiku limene sitala idzagwere m'maudzu muli pa denga. Yophwatalala mudikira munthu wobwera kuchokera ku Joni. Wamba mukagula pa boma pomwepo tsiku lomwelo, mtengo wochepa, ndipo mukhoza kuzula ya pa dirilo n'kupitiriza ntchito. Kwa ine mfundo imeneyi ndi imene imathetsa nkhani yonse.

Mabiti oti muziyenda nawo si ambiri: PH1, PH2, PZ2, fulati yowonda ya pa ma terminal, fulati yokulirapo, T20, T25, ndi ma alenki a mamilimita 4 ndi 5. Akwana m'kabotolo ka mankhwala. PZ2 musaisiye, chonde. Amisiri ambiri sitala iliyonse amaiona ngati imodzi, koma zilipo ziwiri. Yang'anani pa mutu wa sikuluwu: mukaona timizere tinayi tating'ono pakati pa mikono ya mtanda, imeneyo ndi Pozidriv, imafuna biti yolembedwa PZ. Popanda timizereto ndi Phillips, imafuna PH. Masikuluwu ambiri a matabwa a chipboard ndi a mahinji a makabati a kukhitchini ndi Pozidriv, ndipo ma breaker ambiri ali ndi mutu wophatikiza Pozidriv ndi fulati. PH2 imalowa ndithu mu sikuluwu ya PZ2, koma imagwedera, ndipo waya umene mwaumanga ndi biti yogwedera sumangika mokwanira. Terminal yosamangika bwino imatentha, pulasitiki n'kuyamba kununkha.

Za racheti. Nayo kumbuyo n'kophwatalala, kutsogolo imalandira mabiti a mitundu yonse iwiri, ndipo ili ndi potembenuza patatu: kumanga, kumasula, ndi kukhoma kuti ikhale ngati kachitsulo wamba. Ubwino wake umaoneka mukakhala ndi masikuluwu ambiri. Polowetsa biti pa Wave sipali pakati pa chidacho, pali m'chogwirira chimodzi, ndiye pozunguliza chimayenda mopendama ngati gudumu la njinga lopindika, ndipo nthawi iliyonse mukasintha dzanja biti imafuna kutuluka. Ndi racheti dzanja silichoka, mumangopotoza uku ndi uku mukukanikiza. Koma ndi yodula kuposa kachitsulo kaja, mutu wake ndi wonenepa, ndipo m'kati mwake muli timano tating'ono tosafuna fumbi la simenti kapena kukakamizidwa. Kachitsulo kotalikitsa mulibe chothyoka m'kati.

Zonse ziwiri zili ndi malire amodzi. Mphamvu ya dzanja lanu imadutsa pa tsinde lophwatalala lija ndi pa kapini kamene polowetsa biti pamazungulirapo. Mukhoza kupinda chogwirira chinacho kuti chikhale chopingasa n'kupeza mphamvu yoonjezera, ndipo pa sikuluwu yolimba pang'ono zimathandiza. Mukamva chitsulo chikuyamba kupotoka, lekani pomwepo. Masikuluwu a pa malata aja a mutu wa mamilimita 8, ngakhale soketi yake imalowa pa kachitsuloko, ndi ntchito ya dirilo kapena sipanala.

Chomaliza ndikunena ndi mtima wonse. Chida chimenechi ndi chitsulo kuyambira ku nsonga mpaka m'dzanja mwanu. Musachikhudzitse pa soketi kapena mu DB musanathimitse main switch ndi kuyesa ndi tesitala. Panel imatulutsa magetsi nthawi yonse imene dzuwa likuwala, ndiye isiyanitseni kaye ndi controller. Pa batire samalani kwambiri, chifukwa Wave yokhala ndi kachitsulo kotalikitsa ndi yaitali mokwanira kukhudza mitu yonse iwiri nthawi imodzi, ndipo batire ya 12 V imatha kulavula moto wosungunula chitsulo ndi kukuwotchani. Pa ntchito ya pafupi ndi magetsi khalani ndi sikuludalaiva zokutidwa, zofiira ndi chikasu, zolembedwa 1000 V.

FUNSO: Ndimakonza njinga zamoto za kabaza. Ndili ndi pulayala yopinda ya ku China yopanda dzina, inabwera ndi adaputala ndi mabiti ake m'kachikwama. Masikuluwu a pa kabuleta ndi a pa chivundikiro cha mafuta a mabuleki ndikumawadya mitu, ma kasitomala akudandaula. Kodi ndikagula chida chodula vutoli litha? Makaniko, Dedza.

YANKHO: Silitha, bambo. Ndalamayo isungeni. Chida chanucho chili kale ndi chinthu chimene achimwene a ku Mchinji akuchita kuitanitsa kunja, adaputala yolandira mabiti wamba. Chofunika kusintha ndi mabitiwo.

Mabiti obwera ndi zida zotsika mtengo nthawi zambiri chitsulo chake n'chofewa. Yesani ndi tupa pambali pa biti imodzi. Tupa likaluma mosavuta n'kusiya mpata, bitiyo siikhalitsa, ndipo mapiko ake akangofufutika imayamba kudya masikuluwu. Pa biti yolimba tupa limangoterereka. Pogula funani olembedwa S2, mtundu wa chitsulo cholimba, ngakhale zolembedwa zokha si umboni. Tupa ndiye silinama.

Chachiwiri ndi mtundu wa sitala. Njinga za Honda, Yamaha ndi Suzuki, makamaka zakale, zili ndi masikuluwu a muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS. Amaoneka ngati Phillips, koma makona a m'kati mwa mtanda ndi akuthwa, ndipo ambiri ali ndi kadontho kamodzi pambali pa mtandawo. Biti ya Phillips sikhazikika bwino m'menemo, imayandama, ndipo mukakanikiza imakwera n'kupala mutu. Mabiti a kampani ya ku Japan ya Vessel amakhala bwino m'masikuluwu amenewa, ndipo amagwiranso pa Phillips wamba. Njinga zambiri za ku China zimene zili pa misewu yathu injini zake zinatengera za Honda, ndiye kuyang'ana kadontho kaja musanapotoze si kutaya nthawi.

Muziyesanso kukula kwa biti musanayambe. Ikani biti m'mutu wa sikuluwu, muigwedeze ndi zala ziwiri. Yoyenera imakhala nji, yosasewera. Mitu yambiri imadyeka chifukwa munthu waika PH1 pofunika PH2, kapena PH2 pofunika PH3.

Masikuluwu a pa chivundikiro cha mafuta a mabuleki ndi ofewa ndipo amagwirana ndi aluminiyamu. Chotsani kaye dothi m'mtandamo ndi singano, thirani mafuta omasula dzimbiri, mudikire. Ikakana, imeneyo ndi ntchito ya sikuludalaiva yomenya ndi hamala, ija imapotoka yokha mukaimenya kumbuyo. Pa galaja panu isasowe. Pulayala yopinda musaimenye ndi hamala, ngakhale ikhale yodula bwanji.

FUNSO: Ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Ndinaona mpeni wa Victorinox wotchedwa CyberTool, akuti anaupangira anthu a makompyuta. Kodi ungalowe m'malo mwa masikuludalaiva anga ang'onoang'ono? Wokonza mafoni, Mzuzu.

YANKHO: Achemwali, ayi. CyberTool inatuluka mu 1999 ku fakitale ya Victorinox ku Ibach, ku Switzerland, nthawi imene ntchito yaikulu inali kutsegula makompyuta a pa desiki. Imalandira mabiti a tsinde la mamilimita 4, ndipo amene imabwera nawo ndi sitala, fulati, alenki, ndi Torx T8, T10 ndi T15. Pa kompyuta ya pa desiki, pa printer ndi pa malaputopu ena imagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo khosi lake ndi lalitali, lowonda, lofika m'maenje. Koma foni imafuna zazing'ono kuposa pamenepo. Mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Samsung ali ndi sitala za PH00 kapena PH000. iPhone pansi pake pali masikuluwu a nyenyezi ya nsonga zisanu, a pentalobe P2, ndipo kuyambira iPhone 7 ya mu 2016 m'kati mulinso a nsonga zitatu a Y000. Kumbuyo kwa MacBook kumafuna P5. Zonsezi mu CyberTool mulibe.

Mabiti a mamilimita 4 a m'mabokosi a iFixit kapena a Xiaomi tsinde lake ndi lofanana, ndipo palinso adaputala yochoka pa 6.35 kupita pa 4 yoti munthu amene ali ndi Leatherman aike pa kachitsulo kotalikitsa. Koma taganizani mulu umenewo: pulayala yolemera, kachitsulo, adaputala, kenako kabiti konga singano. Polumikiza paliponse pamasewera pang'ono, ndipo dzanja silimva pamene kasikuluwu kafika. Mazinga a m'foni amafa ndi kupotoza kumodzi koonjeza. Pa tebulo lanu pitirizani ndi sikuludalaiva zopepuka zija za kachipewa kozungulira kumbuyo, zimene mumatsamiritsa chala chimodzi n'kumapotoza ndi ziwiri. CyberTool muigule ngati mumaitanidwa m'maofesi ndipo mukufuna kanthu ka m'chikwama.

FUNSO: Ndimayendetsa thiraki njira ya Beira. Sindinagulebe chida chilichonse. Sindikufuna za maadaputala, ndimataya tinthu ting'onoting'ono. Chilipo cholandira mabiti wamba mwachindunji? Dalaivala, Blantyre.

YANKHO: Chilipo, adalaivala. Chodziwika kwambiri ndi Gerber Center-Drive, chimene chinatuluka mu 2016. Sikuludalaiva yake ndi mkono wautali umene ukatambasulidwa umakhala pa mzere wa pakati pa chidacho, ndiye chimazungulira mowongoka, popanda kupendama kuja. Kunsonga kuli bowo la mamilimita 6.35 lokhala ndi maginito, biti iliyonse ya m'hadiweya ya ku Limbe, ya ku Tete kapena ya ku Beira ilowa. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi masikuluwu a pa dashibodi, pa magalasi a ma indicator ndi pa makilampu a mapaipi, pa zida zonse zimene ndatchula lero ichi ndicho chimamveka ngati sikuludalaiva yeniyeni m'dzanja. N'chachikulu, cha pa lamba, osati cha m'thumba la malaya.

A SOG nawo pa PowerAccess anaika bowo la maginito pamene zogwirira zimakumana, loti mumalowetsa biti chidacho chili chopinda. Biti imakhala pakati, koma kutsogolo kwake n'konenepa, ndiye m'malo opanikizika mudzafuna biti yaitali. Leatherman Rebar ndi Super Tool 300 zilibe polowetsa mabiti konse, zili ndi sitala yake yokhazikika, yaitali, ya mapiko anayi athunthu, ndipo adaputala yake amaiveka pamwamba pa sitalayo. Kwa inu otaya tinthu, ubwino wake ndi woti adaputala ikasowa sitala ndi fulati zimatsala pa chida.

Koma pali chinthu chimodzi chimene zida zonsezi sizingachite, ndipo pa msewu mudzakumana nacho. Bawuti yokhala ndi nati kumbuyo, monga ya pa nambala puleti kapena pa madigadi, imafuna kuti chimodzi chigwire nati, china chipotoze mutu. Pulayala ndi sikuludalaiva zikakhala thupi limodzi, mwagwira nati ndiye mulibe chopotozera. A Victorinox pa mitundu ina ya SwissTool Plus ndi Spirit Plus anaika karacheti kapadera, kakang'ono, kokhala m'chikwama chomwecho pamodzi ndi mabiti wamba a 6.35. Pulayala dzanja lina, racheti dzanja lina. Ine njira imeneyi ndimaiona yanzeru kuposa zonse, ndipo simufunika kugula Victorinox kuti muitsate. Karacheti ka Wera kotchedwa Zyklop Mini, kapena ka Topeak kamene okwera njinga amayenda nako, kamagwira ntchito yomweyo pambali pa pulayala iliyonse imene muli nayo. Ndikudziwa mwati simukufuna tinthu tapadera, koma aka kamangirireni chingwe, kazikhala m'kabati ya mu thiraki.

Pogula samalani ndi zachinyengo, chifukwa mayina odziwikawa amawadinda pa zida zambiri zimene sizinachoke ku fakitale zawo. Mtengo ukatsika kwambiri mosayembekezeka, kayikirani. Tsekani pulayala muiyang'anire ku dzuwa, nsonga zake zikumane popanda mpata. Tsegulani sikuludalaiva mpaka loko ilire, muigwedeze cham'mbali. Ndipo popita ku sitoloko mutenge biti yanu ya PH2 m'thumba, muilowetse pa bowolo wogulitsa akuona, mutembenuze chidacho chiyang'ane pansi n'kuchigwedeza. Biti ikagwa, kapena ikamasewera kwambiri m'bowomo, chisiyeni pa kauntala pomwepo.